Banja Lonse Lili Kundende

Pamzere wa odzaona akaidi, bambo wina ankaonera filimu pafoni. Mayi wonyamula dengu amene anali kumbuyo kwake anasuzumira.

"Ndi ya mbava imeneyi, bambo?"

"Eya, mayi. Mkuluyu wakalambira kuthyola masitolo. Pano akufuna mwana wake alowe ntchito yomweyo, koma mwanayo akukana."

"Bodza la m'mafilimu limenelo. Wanga sanakane ayi. Mwana womvera kwabasi, bambo ake sankachita kunena kawiri."

"Ndiye mwadzaona mwanayo?"

"Onse awiri. Anawagwirira limodzi, mwana ali padenga, bambo atagwira makwerero. Kunyumba sankadyera pamodzi, koma kuno mbale ndi imodzi."

"Pepani, mayi. Zowawa zedi."

"Zowawa ndi za mwana wanga wamkazi. Ameneyo ndiye anatichotsa ulemu. Bambo ake safuna kumva ngakhale dzina lake."

"Anatani? Ndiye anawaulula?"

"Akanaulula bwenzi tikuti lilime linaterereka. Iye anakalowa ntchito ya boma."

"Nanga si zabwino zimenezo?"

"Mukumuona wa yunifolomu ali pagetiyo, akupisa m'madengu mwa anthuyo? Ndinabereka ndine. Muonetsetse tikafika. Enanu angokusuzumirani, koma langali akhuthula mpaka pansi, buledi n'kumubowola ndi chala."

"Mayi ake omubereka? Mwana wopanda chisoni ameneyo!"

"Iyayi, bambo, musamunene. Pabanja pathu ponse wanzeru ndi yekhayo. Tandigwirirani buledi uyu mpaka tidutse."