Kujambula kwa Loweruka

Pamzere wolowera m'nyumba yoonetsera zaluso, mayi wobereka mwana wotsokomola anakodola mayi wachikulire amene anali patsogolo pake.

"Pepani amayi, makina ojambulira ali mbali iti?"

"Makina ati, mwananga? Muno ana akupatsidwa mapepala ndi utoto kuti azijambula okha."

"Koma pawailesi anati lero kuli kujambula kwa ana, kwaulere. Adokotala anati ndikam'jambulitse m'chifuwa, koma kuchipatala makina anafa kalekale."

"Mayo ine. Kujambula kwake si kumeneko. Mwachokera kutali?"

"Mabasi awiri. Abambo ake ndawauza kuti lero tidziwa chimene chikum'dya mwanayu."

"Ndiye mubwerera?"

"Ayi, tilowa ndithu. Bola akagwireko utotowo. Sukulu kaya adzaiona."