Msomali Wopanda Chithunzi

Olemekezeka oimira a DC a boma lathu la Rufunsa. Olemekezeka nduna zoimira mafumu athu, za ku Mpanshya ndi za ku Shikabeta. Olemekezeka a khansala. Abusa ndi akulu a mipingo amene mwakhala kutsogolo kuno. Ba Kingsford, apampando a komiti imene yamanga chipinda chino. Ba Estina, aphunzitsi a kalasi la zojambula. Ophunzira, makolo, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza onse amene anaumba njerwa, amene anatunga madzi, ndi amene anapereka malata, pakuti boma lathuli ndi latsopano, zosowa zake ndi zambiri, ndipo sichinali chapafupi kuti pakati pa zosowa zonsezo mupezeke malo ojambulira. Ba Kingsford anandipempha kuti ndilankhule mofatsa. Ndinawauza kuti akafune wina, iwo anati nthawi yatha. Ndiye mundipirire.

Ine ku koleji sindinapiteko. Ntchito ndinaiphunzirira pa siteshoni, kulemba maina kumbuyo kwa maminibasi: Shekinah, Victory, ndi mavesi amene madalaivala ankanditchulira okha. Ndikadafera pa ntchito imeneyo, koma mng'ono wanga Reuben, amene anali kondakitala, anafa pa ngozi m'mapiri a Manenekera. Foto yake tinalibe. Amayi anati, "Iwe umadziwa kujambula, ndibwezere nkhope ya mwana wanga." Ndinagula bokosi la mapasitelo ku Lusaka, choko chofewa cha mitundumitundu chimene mukuchiona patebulopo, ndipo ndinajambula nkhope zambiri. Iliyonse amayi ankaiyang'ana n'kunena kuti, "Si iyeyu." Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinapaka chikhatho papepala, nkhope yonse n'kufufutika. Panatsala buluu wa minibasi, fumbi lofiirira, ndi mdima pakati. Nditati nditaye, amayi anandigwira dzanja. "Usataye. Mmene ndimamuonera usana ndi usiku ndi mmenemo." Pepalalo analisunga mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ndiye wina akamandifunsa kuti zithunzi zopanda nkhope, zopanda nyumba, zopanda ng'ombezi ndi za chiyani, ndimayankha kuti ziliko zinthu zimene zilibe nkhope, koma munthu amagona nazo n'kudzuka nazo.

Ophunzira, mvetserani za zipangizo, chifukwa a m'mashopu adzakunamizani. Makirayoni a ana asukulu si mapasitelo. Gwirani kamodzi ndi chala: pasitelo wofewa amasiya ufa pachala ndipo amalola kuti musakanize mitundu, wa mafuta amaterera, sachita fumbi, koma dzuwa la mwezi wa Okutobala limamufewetsa m'chikwama. Musawasakanize awiriwa papepala limodzi musanawadziwe aliyense payekha. Musathamangire bokosi lalikulu lonyezimira lotsika mtengo, mkati mwake ndi choko chotuwa chabe. Gulani mitundu yochepa, koma yeniyeni. Pepala losalala la m'ofesi siligwira ufa, funani lokhakhala. Mukalisowa, ng'ambani thumba la simenti, tengani pepala lamkati, mulikunthe bwino. Ine ndajambulapo kwa zaka zambiri. Ufa ukachuluka musauzire ndi pakamwa, mudzaumeza. Imikani pepala, muligogode kumbuyo. Mukamaliza, musapopere mankhwala a tsitsi, amachititsa chithunzi kuda. Chiikeni m'galasi, kapena muchiphimbe ndi pepala loyera. Pasitelo sauma ngati penti. Chala cha mwana chikhoza kuwononga ntchito ya mwezi wathunthu.

Koma lero si chala cha mwana chimene chandikwiyitsa. Tembenukani, muyang'ane khoma lakumanzereko. Pakati pa zithunzi pali msomali wopanda kanthu. Ba Kingsford amafuna kuuzula alendo asanafike, ine ndinakana.

Pamsomalipo pamayenera kukhala chithunzi cha ba Ketrina a ku Shikabeta, amene akhala kumbuyoko, pafupi ndi khomo. Amuna awo, ba Oswell, aima panja pa windo. Zimene ndinene, onse awiri andilola dzulo kunyumba kwawo.

Ba Ketrina anapita ndi chithunzi chawo kumudzi kuti akachimalize. Chinali chakuda kwambiri, chofiira pansi, ndi kadontho kachikasu pakona. Anansi anachiona, mawu n'kuyamba kuyenda. Pofika pamsika anali atasanduka nkhani yakuti ku kalasi la ba Estina amaphunzitsa zizindikiro za Satana. Anthu a mapemphero anapita kunyumbako, anazungulira pepala, anafuula, ndipo pomaliza ba Oswell analitenga ndi manja awo n'kuliponya pamoto. Anauzanso akazi awo kuti akadzapondanso m'kalasi muno, atenge katundu wawo abwerere kwa makolo awo.

Abusa, musandiyang'ane choncho. Nanenso ndimapemphera, ndipo mavesi anu ambiri amene akuyenda pamsewu waukuluwu ndinalemba ndine. Koma mwa anthu onse amene anafuula tsiku limenelo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mayiyu kuti, "Mwajambula chiyani?" Funso lalifupi chotero linakukanikani.

Ndikuuzani ine. Ba Oswell amaotcha malasha, makala amene timagula tonsefe m'matumba m'mbali mwa msewu. Chaka chatha, mwana wawo wamkazi, Melody, amene anali asanayambe sukulu, anawatsatira kutchire. Anakwera pamwamba pa uvuni wa malasha, dothi linagumuka, ndipo pansi pake panali moto. Anali atavala diresi lachikasu. Chiikireni maliro, m'nyumba imeneyo dzina la mwanayo silinatchulidwepo. Mayi amaphika, bambo amadya, aliyense kuyang'ana kwake. Ba Estina akuti ba Ketrina anakhala m'kalasi milungu ingapo osalankhula, akungopaka chakuda pamwamba pa chakuda, mpaka tsiku limene anatambasula dzanja n'kutenga chachikasu.

Ndinapita ku Shikabeta dzulo nditakonzeka kuwalalatira ba Oswell, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndikadatero. Ndinawafunsa kuti, "Inu, munthu wamkulu, munaonadi Satana papepala?" Anati, "Satana sindinamuone. Ndinaona uvuni wanga. Ndinaona ndi diresi lomwe, ndinagula ndine pamsika wa Rufunsa." Ndinawafunsa chifukwa chimene sanawauzire anthu aja. Anati, "Kunali kwapafupi kuvomera zawozo. Mukanene ndinu, ine pakamwa panga sipatseguka."

Mwamva, olemekezeka? Mwa anthu onse amene anaona chithunzi chija, amene anachimvetsa bwino kuposa ife aphunzitsi ndi yemwe anachiotcha. Ndiye asadzabwerenso munthu kudzandiuza kuti zojambula izi sizinena kanthu.

Chinthu chimodzi ba Oswell sanandiyankhe. Ndinawafunsa ngati akazi awo abwere m'kalasi Lolemba, ndipo anangoyang'ana pansi. Mawu aja akuti atenge katundu wawo akadali pomwepo, sanawabweze.

Ba Ketrina, bwerani kuno. Bwerani, musaope, awa ndi anthu chabe. Bokosi ili ndi lanu, mapasitelo ofewa, ndi mapepala okhakhala awa. Tsegulani. Mukuona kuti malo amodzi alibe kanthu? Chachikasu ndachotsamo, chili m'dzanja langali.

Ba Oswell, lowani. Mwaima padzuwa kokwanira. Apatseni njira. Sindikukakamizani, ndipo sindikuuzani kuti kujambula kudzabweza mwana. Mng'ono wanga sanabwere. Koma akazi anu sangajambulenso chithunzi chija popanda ichi, ndipo ine sindiwapatsa. Ndikupatsa inu. Mukafuna, mukachitaye mumsewu, malole achipere. Mukafuna, mukawapatse ndi dzanja lanu.

Tengani. Gwirani bwino, chimathyoka.

Mwaika m'thumba la shati? Chidetsa shatiyo, sichichoka msanga. Mwati chiyani? Kwezani mawu, akumbuyo sanamve.

Ati chidetse.

Ba Estina, Lolemba muike mpando wa ba Ketrina pamalo pake. Ba Kingsford, msomali uja usazulidwe.

Olemekezeka nonse, ndi ulemu umene mwandipatsa lero, ndikulengeza kuti chipinda cha zojambula cha boma la Rufunsa, pamodzi ndi chionetsero cha ophunzira ake oyamba, chatsegulidwa. Zungulirani muone, manja kumbuyo, ndipo chimene simunachimvetse, funsani mwini wake.

Zikomo kwambiri.