Kansalu kamene ndinamanga pa mwala ku Japan

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakupatsani moni nonse. Pali chinthu chimene ndachibisa chaka chathunthu, ngakhale amuna anga sakuchidziwa. Ine, wobadwira ndi kukulira mumpingo, ndinagwada pamaso pa chiboliboli cha mwala, ndipo mantha a zimenezo anatsala pang'ono kundiphetsa mwana.

Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Malomo. Chaka chatha anatitumiza ku Japan kukaphunzira ulimi wamthirira, ndipo tsiku lomaliza anatitenga kukaona akachisi akalekale a mumzinda wa Kyoto. Khomo lililonse tinkavula nsapato. Tinaona munda wa timiyala tokhatokha, wopalasidwa bwino ngati mizere ya fodya koma osadzalamo kanthu, anzanga mpaka kuseka. Kuseri kwa kachisi wina kunali tiziboliboli tambirimbiri tovekedwa nsalu zofiira m'khosi. Mayi amene ankatitsogolera anati amaveka ndi makolo amene ana awo anamwalira asanabadwe kapena ali makanda.

Ndisanabereke Tadala, mwana wanga woyamba anabadwa wakufa. Mwambo wa mtayo mukuudziwa: amayi okhaokha anakamuika mwakachetechete, ine n'kundiletsa kulira, ati sindidzaberekanso. Ndiye ndinatsalira m'mbuyo, n'kung'amba kansalu ku chitenje changa, n'kumanga pa kachiboliboli kamene kanalibe nsalu. Ndinagwada pomwepo, ndinalira misozi ya zaka zinayi.

Nditabwerako, sabata isanathe, Tadala anatentha thupi. Mtima unangoti ndi chilango chimenechi, wapembedza fano. Masiku awiri ndinadzitsekera naye m'nyumba, kusala kudya, kupepesa kwa Mulungu. Kuchipatala sindinapite, poganiza kuti jakisoni sangachotse mkwiyo wa Mulungu. Bambo ake n'kuti ali ku Lilongwe kogulitsa fodya. Tsiku lachitatu m'mawa mwana anayamba kukomoka, maso kutembenuka. Ndinakuwa kuti, "Ambuye, wochimwa ndine, mwanayu walakwanji?"

Amene anamva ndi alamu anga a Nabanda, mlongo wa amuna anga, amene tinali tisakuyankhulana chifukwa cha malire a dimba. Ankapita ku chigayo. Analowa osaodira, ndipo ndinawaululira zonse.

"Sukulu yonse ija, amake Tadala?" anatero. "Mwala wa ku Japan ndiye ukuluma ana kuno? Ndi udzudzu uwu! Berekani mwana tizipita."

Anasiya thumba la chimanga pakhonde n'kuimitsa njinga yamoto. Kuchipatala anapeza malungo aakulu, ndipo mwana anamuthamangitsira ku dripi. Tili pabenchi, alamu anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Tsiku lija tinakaika mwana wanu woyamba uja, inenso ndinalira pobwerera, ndekha patchire. Sindinauzepo munthu."

Patatha masiku anayi Tadala anapempha nthochi. Lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Ndikuyamika Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sindinkamupatsa n'komwe moni. Amayi anzanga, musaleke kupemphera, koma muzipemphera mwana ali kumbuyo, muli panjira ya kuchipatala. Kuchedwa kuja ndinalakwa, ndipo ndinalapa.

Koma za kansalu kaja mtima sunakhazikikebe. Ku mwala uja sindinapempheko kanthu, ndinangolira mwana wanga amene kwathu kuno sanandilole kumulira. Mawa ndikufuna kuwauza amuna anga, ndipo ndikuopa. Tandiuzani abale, kodi ndinachita bwino?