Mayi Sakwera Makwerero

Lung Sanguan, mlimi wa zipatso za lamyai wa ku Lamphun, anaimika pikapu yawo yakale kutsogolo kwa shopu ya makanopi otukula denga, aja amati ukakankha denga m'mwamba pamatuluka tenti ndi bedi. Pampando wakutsogolo anasiya akazi awo, Pa Buakaew, atawamanga lamba bwinobwino: kamtsuko ka mkuwa kotalika ngati chikhatho, momwe munali phulusa la thupi lawo lotenthedwa.

Mwana wawo wa ku Bangkok anali atagwirizana kale ndi amonke kuti chaka chatsopano chikangolowa, kamtsukoko kakatsekeredwe m'khoma la kukachisi. Choncho nyengo yozizira imeneyi inali yomaliza yoti Lung awatengere mayiwo ku phiri la Ang Khang, akagone kumeneko n'kudzuka pamwamba pa nkhungu monga ankafunira. Koma mawu oti "anamwalira" Lung anali asanawatulutsepo pakamwa, ndipo sakanayambira m'shopu ya makanopi.

Wogulitsa anali Wirot, bambo wokoleka tepi yoyezera m'khosi, amene chilichonse chimene wauzidwa ankachitenga monga chanenedwera. Sankawadziwa, koma kumeneko bambo aliyense wachikulire amatchedwa Lung, mayi wachikulire Pa.

"Takulandirani, Lung! Mwadya kale?"

"Ndadya. Ndikufuna iyo." Lung analoza ndi chibwano kanopi yotseguka kumbuyo kokha, ngati ng'ona ikuyasamula. "Ya ng'onayo."

"Mwabwera tsiku labwino. Amene asankhe lero timumangira chaka chisanathe. Kuyambira mawa mzere wake ukafika nyengo yotentha. Ogonamo angati?"

"Awiri."

"Inu ndi ndani?"

"Mayi akunyumba."

"Koma ndiye bwino! Taimani chilili." Wirot anatambasula tepi kuchokera kuchidendene mpaka pamutu, akupepesa pofika pamutupo. "Inu mukwana. Nanga mayi ndi aatali bwanji?"

Lung anakweza dzanja, n'kutambasula chala chachikulu ndi chapakati.

"Ayi, Lung. Sindikufunsa kuti mumasiyana bwanji. Ndikufunsa msinkhu wawo wonse."

"Ndi womwewo."

Wirot anayeza pakati pa zala ziwirizo. Anayang'ana tepi, anayang'ana Lung, anayang'ananso tepi.

"Mukutanthauza kuti ndi aafupi."

"Anachepa."

"Eee, ukalamba umatero. Agogo anga nawonso ankachepa pang'onopang'ono."

"Awa anachepa tsiku limodzi."

"Oho." Wirot anakanda m'khosi. "Chabwino. Denga ili lili ndi malire a katundu amene lingasenze. Amalemera bwanji?"

"Sindinawayezepo."

"Mongoyerekeza."

Lung anaganiza, akugwedeza dzanja ngati munthu woyesa kulemera kwa chinthu pamsika.

"Ngati papaya."

"Thumba la mapapaya?"

"Limodzi. Laling'ono."

"Iii! Koma amadya?"

"Ndimawaikira m'mawa uliwonse. Mpunga, kansomba kokazinga."

"Amamaliza?"

"Sakhudza n'komwe."

"Mayo! Munapita nawo kuchipatala?"

"Tinapita."

"Madokotala anati chiyani?"

"Anati tibwerere kunyumba." Lung anatsokomola. "Iwe, umagulitsa makanopi kapena mankhwala? Tsegula ndione."

Wirot anamasula zokowera ziwiri, anakankha ndi dzanja limodzi, denga n'kunyamuka lokha likulira ngati mphaka wokwiya.

"Mwaona? Mphindi imodzi, nyumba yatha. Mumakwerera panja pano, pamakwerero awa. Mutu uku, kumbuyo, kumene kuli kotakasuka. Mapazi uko, kutsogolo, kopanikizikako."

Lung anazungulira pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anaima pamene kanopiyo imatulukira pamwamba pa denga la woyendetsa.

"Mapazi apa?"

"Eee."

"Pamwamba pa mpando wakutsogolo?"

"Ndendende."

"Ayi."

"Aa, ndamva, ndamva!" Wirot anaomba m'manja. "Chifanizo cha Buddha cha pa dashibodi. Aliyense amafunsa zimenezo. Taonani, m'katimu tinaika kashelefu kumutu. Usiku mumachotsa chifanizo, mumachikweza pamenepa, mumagona mtima uli m'malo."

"Chifanizo ndichikweza. Nanga mayi?"

"Mayi atani?"

"Amakhala pampando wakutsogolo. Ndiwaike mapazi pamutu usiku wonse? Anakulera ndani iwe?"

"Amayi anga, ku Phrae," anayankha Wirot. "Koma Lung, usiku mayi sakhala pampando. Akhala pamwamba ndi inu, pabedi."

"Sakwera."

"Makwerero ake ndi olimba. Taonani." Anawaponda, n'kudumphadumpha.

"Zaka zonse za ukwati wathu, wokwera mumtengo ndine. Iwo amagwira makwerero pansi. Sanapondepo ngakhale sitepe imodzi, ndipo sayambira kuphiri."

"Muwanyamule."

"Kunyamula ndimawanyamula tsiku lililonse."

"Pamsana?"

"Dzanja limodzi."

Wirot anayang'ana mkono wa Lung mwaulemu waukulu.

"Ndiye vuto lili pati?"

"Pamakwerero pamafunika manja awiri. Ndikawagwetsa, ukasesa ndiwe?"

"Kusesa?"

"Ndati sakwera."

Wirot anapukuta thukuta ndi mkono wa malaya. "Tiyeni tibwerezenso bwinobwino. Inu mugona pamwamba, pamatiresi."

"Eee."

"Mayi agona pansi, pampando."

"Eee."

"Ku Ang Khang? Kumene m'mawa udzu umachita kuuma ndi chisanu?"

"Ndiwafunditsa thaulo."

"Thaulo!"

"La kumaso limakwana."

"Ndipo iwo sadandaula?"

"Masiku ano ayi."

"Lung, mundikhululukire, ine ndine mwana kwa inu. Koma akazi anga nditawagoneka pampando ine ndili pamatiresi, m'mawa ndingapeze galimoto itapita, ine ndili pamwamba pomwepo."

"Awa sayendetsa."

"Chabwino. Ngati vuto ndi mapazi, tembenukani. Mutu kutsogolo, mapazi kumbuyo."

"Zimatheka?"

"Sindinayesepo. Dikirani."

Wirot anavula nsapato, anakwera, anakwawa chafufumimba, kenako n'kudzitembenuza mpaka mutu unalowa kopanikizika kuja. Kunja kunkangooneka masokosi.

"Zikutheka!" Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chidebe. "Mphuno yagunda denga, koma zikutheka. Bola osayetsemula."

"Ndimayetsemula."

"Kangati?"

"Kukazizira, usiku wonse."

Wirot anatuluka chambuyo, tsitsi lili nyankhalala, pamphuno pali chidindo cha nsalu. Anawatengera Lung pakanopi ina imene inali pakhomo penipeni, moyang'ana msewu.

"Ndiye yanu ndi iyi. Denga limakwera lonse, mbali zonse mofanana, mutu mumaika kumene mwafuna. Mawindo mbali zinayi. Makwerero palibe: mumalowa kumbuyo kwa galimoto, mumaponda pabokosi ili, mwafika pabedi."

"Yodula."

"Pang'ono."

"Pang'ono pa wogulitsa ndimapadziwa. Ndikufuna ya ng'ona."

"Koma ya ng'ona mwaikana!"

"Ndakana mapazi. Kanopi sindinaikane."

"Mapaziwo ndi anu, Lung! Sitingawachotse!"

"Ndiye ganiza. Si ntchito yako?"

Wirot anaganizadi. Anakulunga tepi pachala, anaimasula, anaikulunganso.

"Mayi asamukire kumbuyo. Tiwayalire kamatiresi pansi, m'kati mwa kanopi."

"Kumbuyo kumakhala madengu."

"Madengu muwasiye kunyumba."

"Chikhalire sanakwerepo kumbuyo. Ngakhale tsiku limene tinanyamula mkulu wa amonke a kukachisi, ndinayenda maulendo awiri."

"Nanga mpando wa woyendetsa?"

"Mapazi ndili nawo awiri. Lina likhala pamwamba pa mpando umenewo."

"Lung, ine nzeru zandithera. Bwanji tiwafunse eni ake? Aimbireni foni."

"Alibe foni."

"Tumani munthu kunyumba."

"Sali kunyumba."

"Ali kuti?"

"Panjapo."

"Panja pati?"

"M'galimoto."

Wirot anatembenuka. Pikapu inali pakati pa bwalo, padzuwa la masana, mawindo onse ali otseka. Pampando sipankaoneka mutu wa munthu.

"Nthawi yonseyi?"

"Eee."

"Mawindo otseka?"

"Fumbi limawadetsa."

"Sakuoneka! Akomoka! Lung, munthu wosadya, wolemera ngati papaya, mwamutsekera padzuwa limeneli? Apsa!"

"Kumene anadutsa kunali kotentha kuposa apa."

Koma Wirot sanamve. Anali atatsegula kale firiji, watenga botolo la madzi ozizira ndi kapaipi komwera, akuthamanga ndi masokosi okha pamiyala yotentha.

"Iwe! Usawafunse!" anakuwa Lung, ndipo agalu a shopu yoyandikana anadzuka. Ngakhale Lung mwiniwake anadabwa kuti mawu otere anali nawobe.

Wirot anatsegula chitseko.

"Pa, pepani, pepani kwambiri, imwani ka..."

Anathera pomwepo. Pampando panali kamtsuko ka mkuwa kopukutidwa mpaka kuwala, lamba atadutsa pamimba pake, nkhata ya maluwa oyera ili m'khosi. Pansi pake panali kapilo kopetedwa pamanja.

Lung anafika akuyenda mwa masiku onse, n'kuima pambali. Ankayang'ana tayala.

Wirot anatsegula botolo lija, analowetsamo kapaipi, analiika pafupi ndi kapilo. Kenako anaphatikiza manja mpaka pamphumi n'kuwerama kwa nthawi yaitali, akusinthanitsa mapazi chifukwa miyala inkamuotcha.

"Pa, ndine Wirot, wa makanopi," anatero motsitsa mawu. "Ndakusungitsani padzuwa. Mundikhululukire."

"Samwa zozizira," anatero Lung. "Zimawapweteka mano."

"Ndikatenge ena?"

"Asiye. Afunda okha."

Kenako dzanja la Wirot linapita lokha ku tepi. Anayang'ana Lung, Lung anagwedeza mutu, ndipo iye anayeza kamtsukoko mosakakhudza.

"Munanena zoona," anatero.

"Ndimanama ine?"

"Lung, ndiye nkhani yaphweka. Tengani ya ng'ona yomwe mumaifunayo, ndipo ilipo ina yaing'ono, ya munthu mmodzi, yotsikirapo mtengo. Pa muwaike m'kachikwama, chikwama pamsana, manja onse awiri pamakwerero. Mukafika pamwamba muwakhazike pa kashelefu kaja. Akwanapo, ndayeza. Mapazi anu sakhalanso pamutu pa munthu."

Lung anamuyang'ana kuyambira kumasokosi mpaka kutsitsi.

"M'chikwama."

"Chofewa bwino."

"Pa shelefu. Ndi botolo la msuzi wa nsomba amenewa?"

"Ayi, ine ndimangoti..."

"Unandifunsa kuti ogonamo angati. Ndinati bwanji?"

"Awiri."

"Wina wachoka?"

Wirot anayang'ana kamtsuko. "Ayi, Lung."

"Ya ng'ona ili ndi mawindo angati?"

"Limodzi lalikulu. Loyang'ana kumbuyo."

"Munthu wakhala kutsogolo moyo wake wonse, akafike kuphiri aziona kumene tachokera?"

"Koma mwanena nokha kuti inayo ndi yodula. Ine sindingakulipiritseni bedi la anthu awiri, mawindo anayi, pamene... pamene..." Mawu oti "anamwalira" anamukanika nayenso. "Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mumandiletsa kuwafunsa. Pepani."

"Sunamvetse kanthu."

"Lung?"

"Ndimakuletsa chifukwa ukawafunsa amasankha chodula. Firiji, chodula. Matailosi, odula. Ngakhale kamtsuko aka anasankha okha, ine ndinkaloza ka dongo."

"Ndiye tiwamangire iti?"

Lung anayang'ana kutsogolo kwa pikapu. Galasi lake linali litalunjika pakhomo pa shopu, pamene kanopi ya mawindo anayi inaima denga lili m'mwamba, nsalu zake zikuuluzika. Anapuma mozama, anakonza nkhata ya maluwa imene inapendekeka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Yodulayo. Ndinaimika galimoto molakwika. Aiona kale."