Mayi Namakhwa a ku Bangwe, Opempherera Okhala Kunyenyezi

Malemu amene tawasonkhanira pano, Mayi Gertrude Namakhwa, anabadwa pa 9 Malichi 1939 pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene makolo awo anafikira atawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki. Anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1948, koma analekezera Sitandade 4 chifukwa manja awo ankafunika kothyola tiyi.

Pa 14 Juni 1958 anamanga banja ndi Bambo Ellard Namakhwa, amene anali telala, ndipo mu 1961 anasamukira kuno ku Bangwe, kumtunda kuno kukadali minda yokhayokha. Bambo Namakhwa anatisiya mu 1987.

Mu Epulo 1967 malemu analembedwa ntchito yokolopa ndi kutsuka mabotolo mu labotale ya chipatala chachikulu m'tauni muno. Patatha zaka zitatu, dokotala wina anaona kuti mayiwa amachedwa pafupi ndi maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, tsache lili m'manja. Anawaitana kuti asuzumiremo. Pagalasi panali kachidutswa ka ubongo kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Malemu ankasimba kuti anaona nkhalango: timitengo ta mizu ndi nthambi, tikugwirana popanda polekezera. Atauzidwa kuti m'timitengomo ndimo mumadutsa mantha, nyimbo ndi dzina la mwana wako, anangokhala pansi pasimenti. Tsiku limenelo anayenda wapansi mpaka kuno, basi anaiwala kukwera.

Mu 1974 anakwezedwa, nayamba kukonza okha timagalasi toika pa maikulosikopu. Mu 1991 anawatumiza kusukulu yatsopano ya madokotala, kumene anapumira ntchito mu 1994. M'zaka zonsezi m'manja mwawo munadutsa ubongo wa chule, wa khoswe, wa mbuzi ndi wa munthu, ndipo monsemo anapeza timitengo tomwe tija. Apa ndi pomwe panabadwira funso limene anakalamba nalo. Ankati woumba mbiya waluso saotcha mbiya imodzi yokha. Ngati Mlengi anaika luso lotere ngakhale mwa chule wa m'ngalande, angaliike bwanji pabwalo limodzi lokha la dziko lino, nyenyezi zonse zija n'kuzisiya zopanda woganiza? Ankanenanso kuti mwina a kumeneko alibe mitu ngati ife. Ankaloza linthumbu likuwoloka msewu, lopanda wolilamula koma losasochera, namati nzeru zina zimakhala m'gulu, osati m'chigaza. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti, titakumana nawo, kodi tingawazindikire kuti ndi oganiza, kapena tingawaponde?

Mu Ogasiti 1996 wailesi inalengeza kuti akatswiri a kunja apima mwala wochokera ku pulaneti ya Mars, ndipo ena mwa iwo akuganiza kuti muli zizindikiro za tizilombo takale. Akatswiriwo mpaka lero sanagwirizane chimodzi, koma malemu sanadikire. Lachinayi lotsatira, pamsonkhano wa amayi a kumpingo, atapempherera odwala ndi boma latsopano, anaonjeza kuti: "Mukumbukirenso ana anu a kutali uko, amene ife sitiwadziwa maina." Amene munalipo mukudziwa kuti "ameni" anachedwa kutuluka. Kuyambira pamenepo kumsika ndi pasiteji ya minibasi anayamba kuwatchula kuti aNanyenyezi, ena mwachikondi, ena monyoza, akumati mankhwala a mu labotale anawalowa m'mutu. Iwo dzinalo analivomera, ndipo ankaitanidwa nalo akumwetulira.

Pa 3 Novembala 1997 anagwa akupalira kamunda kawo kuseri kwa nyumbayi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu anatsekeka. Pano ife a banja tiyenera kuvomera kulakwa kwathu pamaso panu. Kwa miyezi itatu tinkawasambitsa ndi kuwadyetsa, koma tinkakambirana za iwo iwo ali pomwepo, ngati kuti pamphasa pagona mtolo. Ena tinafika ponena kuti mayi anapita kale, kwatsala thupi. Mu Febuluwale chaka chino mwana wawo Brenda, amene ndi namwino, anawaika pensulo kudzanja lamanzere. Anavutika nayo theka la tsiku, ndipo chimene chinatuluka papepala anali mawu awiri okhotakhota: "Ndinalimo. Ndinkamva." M'nyumba muno simunapezeke wotha kudzutsa mutu.

Kuchokera apo analemba pang'onopang'ono m'kope, mzere umodzi kapena iwiri patsiku. Mmenemo ndimo anaikamo pempho limene lachedwetsa maliro ano ndi tsiku limodzi. Tamva zimene zikunong'onedwa m'makwalala, choncho tikufuna muimve nkhaniyi kuchokera pakamwa pa eni ake. Malemu anapempha kuti akadzamwalira, ubongo wawo udzapite kwa ophunzira a udokotala. Analemba kuti: "Anawa aone pamene panaduka, ndi pamene ndinabisala. Amene sanathe kundipeza ine ndili pamphasa, a kunyenyezi adzawapeza bwanji?"

Achimwene awo, Bambo Albert Mulepa, amene ndi mwinimbumba, anakana kwamtuwagalu. Anati kwathu munthu amapita kumanda wathunthu monga anabwerera, ndipo iwo sangakayankhe kwa makolo nkhani yotere. Kwa milungu isanu sanapondeko pakhomo pano. Tsiku lina masana anabwera, nakhala pafupi ndi mlongo wawo, nawafunsa katatu ngati akudziwa chimene akupempha. Katatu konse malemu anawafinya dzanja. Bambo Mulepa anatuluka misozi ikutsika, ndipo ndi iwo amene anakasaina pepala lachilolezo, abusa ndi ana onse akuona. Palibe chimene chabedwa, palibe chimene chagulitsidwa. Anapereka okha, ali ndi nzeru zawo zonse.

Sitiroko yachiwiri inawapeza Lamlungu pa 16 Ogasiti 1998, ndipo anatsikira kuli chete m'mawa wa Lolemba pa 17, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi.

Asiya ana anayi: Hawkins, Brenda, Maziko ndi Thandie, zidzukulu khumi ndi chimodzi, achimwene awo Bambo Mulepa, ndi mng'ono wawo Mayi Grace a ku Chilomoni.

Tikuthokoza abusa ndi akulu a mpingo. Amayi a Lachinayi, amene asinthana kuwatembenuza ndi kuwachapira miyezi isanu ndi inayi osatopa. Anansi a kuno ku Bangwe amene mwatunga madzi ndi kutola nkhuni. Ndi adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza. Tithokozenso anyamata ndi atsikana khumi ndi awiri ovala makhoti oyera amene aima kumbuyo uko. Amenewo ndi ophunzira a udokotala. Palibe anawaitana. Abwera okha, ndipo apempha kwa mwinimbumba kuti awalole kunyamula bokosi kuchokera pakhomo pano mpaka pamsewu. Bambo Mulepa avomera.

Mayi athu, mafunso anu ife anatikulira, ndipo sitinakuyankheni ngakhale limodzi. Kumene mwapitako aliko amene anaumba zonse, mukawafunse nokha. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Ophunzira, yandikirani.