Ndinalipiriratu sevisi, galaja n'kutseka

Aulutsi, kalata iyi muiwerenge mokweza, anzanga amve. Ine ndine mayi wachikulire ndithu, ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Bradford, ku Mangalande. Ntchito imeneyi ukakhala wopanda galimoto mashifiti amachepa, ndipo viza yanga yagona pa ntchito yomweyo.

Pogula kagalimoto kanga, mwini galaja amene anandigulitsa anati ndikalipiriratu kamodzi, sevisi ndi yaulere mpaka kalekale. Mwezi umenewo chipereganyu cha amayi akutchalitchi chinagwera ine. Ndinanyamula envelopu yonse, kashi, n'kukapereka. Ndinamutengeranso mandasi, poti kwathu wokuthandiza sumupitira chimanjamanja. Mzungu kudya mandasi mpaka kunyambita zala, eti!

Mabuleki atayamba kulira ngati mbuzi, ndinapitako. Ndinapeza pageti pali loko, galaja inatseka kalekale. Kubanki anati ndikanalipira ndi khadi ya ngongole mwina akanandithandiza, koma za kashi iwo sizikuwakhudza.

Alamu anga atamva anaseka. "Alamu, mwakula inu. Ingobwererani kumudzi."

Ndinati, "Tikiti mugula ndinu? Yatseka ndi galaja, manja angawa ali otsegula."

Ndakhala ndikukwera mabasi, mvula ikundimenya, koma palibe gogo amene wagona osasamba chifukwa cha ine. Tsopano ndapeza makaniko wina, ndimamulipira akamaliza ntchito, nditaona ndi maso.

Amayi anzanga, musamalipire za mawa kwa munthu amene mawa lake simukulidziwa. Galimoto ikutuluka Loweruka, ndipo ndidzera pakhomo pa alamu ndikuliza hutala.