Bambo Ankati Tikuwabaya Madzi

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1962, achiwiri m'banja la ana anayi. Ine amene ndikuwerenga ndine mwana wawo. Sindinazolowere kuyankhula pagulu, mundikhululukire mawu akamathawa. Amayenera kuima pano ndi mayi, koma azakhali awiri, alongo ake a malemu, akana. Akuti mayi anawamana bambo mankhwala mpaka kufa, ndipo awauza kuti tikangoika maliro asamuke m'nyumba. N'chifukwa chake mayi akhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko.

Sukulu bambo anayamba mu 1968 ndipo sanabwerezepo kalasi. Mu 1986 anatenga digiri ya zamankhwala, ndipo mu 1993 anatenga ina yapamwamba, ya ubongo ndi mitsempha. Analowa ntchito ku yunivesite, m'chipinda chapansi chonunkha utuchi ndi makoswe. Ndinapitako kamodzi. Ankaika khoswe pachitsulo chotentha n'kudikira kuti ayambe kunyambita phazi.

Chinawatchukitsa ndi kafukufuku wa ululu. Odwala ankagawidwa pawiri. Ena ankabayidwa jakisoni wa mankhwala opha ululu, ena wa madzi amchere basi, ochokera m'timabotolo tofanana, tomatidwa mofanana, moti ngakhale anesi sankasiyanitsa. Anapeza kuti ena mwa obayidwa madzi ululu unkawachepera ndithu, komanso kuti munthu wokayikira, mankhwala samuthandiza mokwanira ngakhale akhale enieni. Zolemba zawo zikuwerengedwa m'mayiko ambiri. Mu 2001 anakhala pulofesa. Ambiri amene anakuphunzitsani ndikukuonani, lero nanunso ndinu madokotala.

Mu 2004 anamanga banja ndi mayi, amene ankagulitsa mabuku m'sitolo ya pa yunivesitepo. Ine ndinabadwa mu 2007. Bambo ankanditcha kakhoswe. Ndinkaganiza kuti ndi dzina lachikondi mpaka tsiku limene ndinaona chitsulo chija.

Mu 2016 mayi anachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Atatuluka m'chipatala, bambo anati jakisoni wopha ululu aziwabaya okha kunyumba. Mayi ankabuula ataluma pilo kuti ine ndisamve. Patapita miyezi kunabwera alendo a kuntchito, ndipo bambo anawafotokozera akuseka kuti sabata yonse ija mayi ankawabaya madzi okha, mkazi wawo n'kumathokoza. Alendo anaseka mpaka kupukuta misozi. Mayi anali atanyamula thireyi ya makapu. Anaiika patebulo, n'kufunsa amene akufuna shuga. Ena amene munaseka tsiku lija muli pano.

Mu Ogasiti chaka chatha bambo anapezeka ndi khansa ya m'mafupa. Madokotala anawalembera mofini, mankhwala amphamvu opha ululu. Nesi ankabwera m'mawa ndi madzulo, mayi ankawagwira mkono kuti abayidwe. Bambo ankati ndi madzi. Ankati mayi apangana ndi nesiyo kuti awabwezere. Tinasintha nesi, anati nayenso alowa m'chiwembu. Ululu sunkachepa kwenikweni, monga momwe iwo eni analembera m'mabuku awo. Ankakuwa mpaka oyandikana nafe kutseka mawindo. Azakhali ankabwera Lamlungu ndi zipatso, bambo n'kuwagwira dzanja kuwauza kuti akuphedwa. Azakhaliwo ankabwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Zofunda zoipitsidwa ankachapa ndi mayi.

Tsiku lina ndinawatengera bambo kabotolo ka mofini kosatsegula kuti aone okha. Chibadwire ndinali ndisanawayankhulepo asanandifunse. Anakayang'anitsitsa pakuwala kwa windo, n'kukatembenuza.

"Totere ndamata tambirimbiri ndi manja angawa," anatero. "Wakutuma ndani, kakhoswe iwe?"

Anakaponya pansi. Mayi anasesa magalasi, n'kupita kukapempha kena kuchipatala.

Bambo anatisiya pa 3 Febuluwale. Mawu omaliza amene anayankhula kwa mayi sindingawatchule pamaso panu. Ine mpaka pano sindinalire, ndipo ndikuchita manyazi, chifukwa mayi amene anatukwanidwawo akulira.

Malemu asiya mkazi, mwana mmodzi, alongo awiri, ndi mng'ono wawo mmodzi, bambo aang'ono, amene zonsezi akuzidziwa koma akungoyang'ana nsapato zawo.

Tikuthokoza anesi awiri amene ankatukwanidwa tsiku ndi tsiku koma osaleka kubwera. Tikuthokoza a ku yunivesite chifukwa cha nkhata zamaluwa, ndi oyandikana nafe chifukwa chopirira phokoso. Azakhali, nyumbayo ngati mukuifuna tengani, koma mudziwe kuti mukutulutsa anthu awiri.

Bambo, mzimu wanu uuse mumtendere. Anali mankhwala enieni. Mayi sanakubayeni madzi ngakhale kamodzi. Ndikanakhala ine, sindikudziwa.